Nachiyera wa pa Chitosi, Mbale wa Tiyi

Ndi-ndi-ndi! Gu! Wambani ng'oma pamoto, anyamata, chikopa chikungike, phula likhale pakati. Ilire pa Thunga, imveke ku Makwasa, a ku Luchenza atchere khutu. Amene tikuwatchula lero alibe ndodo yaufumu, alibe esiteti, sanalembedwe m'kaundula wa kapitawo aliyense, koma m'Thyolo muno mulibe khomo limene sanagonepo. Ndi a Yuriki Asidi, iwo pamodzi ndi ana awo, michere ya yureti.

Inu a Nachiyera! Inu a Chipewa-cha-chitosi! A Mpondedwa-m'mawa, amene tsache limakupezani dzuwa lisanatuluke! Mwana wa kukomboni akafunsa ngati nkhuku imakodza, mutengereni pakhonde akaone yekha. Chitosi chija n'chakuda pansi, koma pamwamba pake pali kadontho koyera kuti mbee, kofewa kakangogwa kumene, kaufaufa kakauma. Kadonthoko ndi inu. Ndiwo mkodzo wa mbalame, wa buluzi wothamanga pakhoma, wa njoka ya m'nthochi za ku Thekerani. Ife ndi mbuzi zathu timataya nayitrojeni wotsala m'thupi ngati yureya, ndipo yureya amafuna madzi ambiri omuperekeza. Mbalame singauluke itasenza chikho cha madzi, choncho inasankha inu, a Phala-louma, opita osapempha kamtsuko.

Gu! Gu! A Mlezi-wa-m'dzira! Masiku 21 mwanapiye ali m'chigoba chotseka, alibe kotaya zonyansa zake. Zikanakhala zosungunuka zikanamuzungulira n'kumupha asanaone dzuwa. Inu mumauma n'kukhala phee m'kathumba kanu pambali, mwana n'kukula, n'kugogoda, n'kutuluka, inu n'kutsala m'chigoba.

A Mkana-madzi! Galamu imodzi ya inu imafuna malita pafupifupi 15 a madzi ozizira kuti isungunuke, pamene shuga wa galamu yomweyo amatha m'kasupuni kamodzi. A Nyumba-ya-zipinda-ziwiri, ya maatomu asanu a kaboni, anayi a haidrojeni, atatu a okosijeni ndi anayi a nayitrojeni! Tikakuikani pasikelo, gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwanu ndi nayitrojeni yekhayekha. Chuma chanu chili pamenepo, tsoka lanunso lili pomwepo.

A Mwana-wa-mwala! Amene anayamba kukugwirani padzanja ndi Carl Wilhelm Scheele, wogulitsa mankhwala wa ku Sweden, m'chaka cha 1776, atasungunula miyala yochotsedwa m'chikhodzodzo cha anthu. Justus von Liebig ndi Friedrich Wöhler anakuphwanyaphwanyani mu 1838 kufuna kudziwa mafupa anu. Ivan Horbaczewski anakuumbani m'botolo ku Vienna mu 1882, popanda mbalame, popanda impso. Onsewa anatuluka thukuta chifukwa cha chinthu chimene agogo athu ankasesa ndi kukataya kudimba, mpiru n'kubiriwira.

Ndi-ndi-ndi! A Muyambanitsa-mafumu! Pa zilumba za Chincha ku Peru mvula siigwa kwenikweni, ndiye zitosi za mbalame za m'nyanja zinaunjikana zaka mazanamazana mpaka kusanduka mapiri. Alexander von Humboldt anatapako pang'ono mu 1802 n'kupita nazo ku Ulaya, akatswiri n'kukupezani muli tho m'menemo. Pofika zaka za m'ma 1840 minda ya ku England inali kudya zitosi za ku Peru. Pa kachilumba ka Ichaboe, kugombe la Namibia, zombo mazanamazana zinaima nthawi imodzi, ndipo pakati pa 1843 ndi 1845 anakapala kachilumbako mpaka kufika pathanthwe. America inakhazikitsa lamulo mu 1856 lolola nzika zake kutenga chilumba chilichonse chopanda mwini chokhala ndi zitosi. Spain inalanda zilumba za Chincha mu 1864, nkhondo n'kubuka. Nkhondo ya zitosi! Sekani, koma okumbawo sankaseka. Ambiri anali Atchaina otengedwa ndi mapangano achinyengo, fumbi la amoniya likuwatentha maso ndi zifuwa, ena mpaka kudziponya kuphompho. Mdzukulu wa Mlomwe amene anawoloka Ruo kuthawa nkhanza za Apwitikizi n'kudzagwa m'thangata la m'maesiteti a kuno safuna womumasulira nkhani imeneyi.

Kwathu kunonso muli ndi likulu lanu, a Mpaka-thanthwe-njereza. Wopita ku Mangochi akaone chilumba cha Boadzulu, miyala yake yoyera ndi zitosi za mbalame zodya nsomba.

A Mvala-pepo! Mukathiridwa asidi wa nayitriki, kenako amoniya, mumasanduka utoto wa pepo wowala wotchedwa murexide. M'zaka za m'ma 1850 mafakitale a ku Manchester ankanyika nsalu mu utoto umenewu, madona n'kumayenda monyada atavala zochokera kumbuyo kwa mbalame. Ulemerero unali waufupi, pakuti utoto wa William Perkin wochokera ku phula la malasha, wa mu 1856, ndi ina yotsatira pambuyo pake inakulandani msika.

Tsopano ng'oma ifulumire, tafika pakhomo. Gu-gu-gu! A Mbale-wa-tiyi! Kafini wa m'tsamba la tiyi naye amafiira pepo akayesedwa mwa njira yofananayo, chifukwa nyumba yake ndi yanu yomweyo: zipinda ziwiri, maatomu anayi a nayitrojeni. Emil Fischer wa ku Germany ndiye analondola mzere wa banjali, nalitcha la purine mu 1884, nadzalandira mphotho ya Nobel mu 1902. Tiyi anakhazikika ku Mulanje mu 1891, anakwera ku Thyolo cha m'ma 1908, Maclean Kay anatsegula Satemwa mu 1923, ndipo kuyambira pamenepo mapiri ano akhala ndi njala imodzi yosatha, njala ya nayitrojeni. Taonani mayi ali m'mzere, dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno kutchinga mame, manja onse awiri akuthyola masamba awiri ndi kansonga, tswa tswa tswa, dzanja likadzaza n'kuponya kumbuyo osacheuka. Nsonga yanthete imeneyo ndiyo yodzaza kafini, magawo awiri mpaka anayi pa 100 alionse a tsamba louma, poizoni amene chitsamba chimadzitetezera naye ku tizilombo. Dengu lililonse lopita kusikelo lanyamula nayitrojeni wa m'nthaka, kupita naye kufakitale, kuokushoni ku Limbe, kutsidya la nyanja. Pakatha sabata kapena masiku khumi m'dzinja, chitsamba chaphukanso, chikufunanso.

Amene amabweza ngongoleyo lero si inu, a Mfumu-yotsitsidwa. Fritz Haber anakoka nayitrojeni mumpweya mu 1909, Carl Bosch anamanga fakitale ku Oppau mu 1913, ndipo thumba la feteleza linakhala pampando wanu. Yureya wa m'thumba ali ndi magawo 46 pa 100, inu 33. Komabe mtengo wa thumba ukakwera, mlimi wa kamunda ka m'mphepete mwa esiteti amakumbukira khola la nkhuku, amasakaniza zitosi ndi gaga ndi phulusa ndi feteleza pang'ono, n'kumanga m'thumba kuti zipse. Tizilombo ta m'nthaka timakumasulani pang'onopang'ono mpaka musanduke amoniya, muzu n'kumwa. Wothira zitosi zaziwisi pafupi ndi phesi amaotcha mbewu yake.

Ndi-ndi! A Mluma-chala! A Mbwera-usiku! A Mgwetsa-mabwana! Ng'ombe ndi mbuzi zili ndi mphamvu m'chiwindi yokuphwanyani musanavute; munthu ndi anyani akuluakulu anaitaya kalekale. Mukachuluka m'magazi kupitirira mamiligalamu 6.8 pa desilita, mumagwirana ndi sodiyamu n'kuyamba kuuma, ndipo mumasankha mfundo yozizira, yakutali ndi mtima: chala chachikulu cha kuphazi. Usiku wa chiperoni, nkhungu itakuta phiri la Thyolo, bambo wagona bwinobwino, tambala asanalire wadzuka ndi mfuu. Chala chatupa, chafiira, chikunyezimira, ngakhale bulangeti lokha kuchikhudza n'kulira. Abale ayamba kale kunong'onezana kuti waponda mankhwala panjira. Antonie van Leeuwenhoek anakuonani pagalasi lake mu 1679 muli ngati singano zosongoka mbali zonse, ndipo Alfred Garrod anasonyeza ku London mu 1848 kuti magazi a wodwala nthenda imeneyi ya gauti ndi odzaza ndi inu. Palibe anatchera bamboyo. Chiwindi ndi zam'kati za pachiwaya, mowa wa pamalipiro, zakumwa zotsekemera, impso zotopa ndi mtundu wa kwawo ndizo zinakuitanani. Mapiritsi ena a BP okodzetsa ndi pyrazinamide wa TB nawonso amakuchedwetsani kutuluka, n'chifukwa chake adokotala amayamba afunsa zimene munthu akumwa kale.

Tiyi musamunamizire, zotsalira za kafini sizimanga singano m'mfundo. Wokugonjetsani ndi allopurinol, wochokera m'manja mwa Gertrude Elion ndi George Hitchings, a Nobel ya 1988; mankhwalawa amatseka njira imene thupi limakupangirani. Koma ndinu a Mdikira-woiwala: bambo akangoona kuti nsapato yayambanso kulowa, n'kusiya mapiritsi, n'kubwerera pachiwaya tsiku la malipiro, inu mwafika kale pabondo. Gu!