Mwana wa ku Mulanje awerenge chiyani za Chilembwe?

Abale anga a m'gulu lino, tiyerekeze kuti kholo la pa Chitakale likufuna kuphunzitsa mwana wake mbiri ya dziko lino pakhomo. Litola buku liti?

Independent African la George Shepperson ndi Thomas Price, lomwe linatuluka mu 1958, ndi buku lozama. Limalondola John Chilembwe pa ulendo wake wa ku America ndi Joseph Booth mu 1897 mpaka pomwe anaukira atsamunda pa 23 Januwale 1915. Koma ndi chibuku cha masamba oposa 500, Chingerezi chake cha kuyunivesite. Let Us Die for Africa la D.D. Phiri ndi lopepukirako, komabe mwana wa Sitandade 6 sangalimalize yekha. Mbiri ya Achewa ya Samuel Ntara ili m'chilankhulo chathu ndithu, koma mtima wake uli pa Kalonga ndi Achewa, osati pa Mlomwe amene anachoka ku Mozambique n'kudzagwa m'thangata la m'maesiteti.

Apa ndiye pagona nkhani. Thangata, kugwirira mzungu ntchito ngati lendi ya malo okhala, ndi khomo labwino lophunzitsira ufulu wa nzika. Mwana akalimvetsa, amvetsanso chifukwa chake malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994 amaletsa ntchito yokakamiza. Apo ayi, Chilembwe angokhala holide ya pa 15 Januwale ndi nkhope ya pa K2,000.

Olembafe tatanganidwa ndi ndakatulo zachikondi. Nanga kabuku kakang'ono ka ana, m'Chichewa kapena m'Chilomwe, kosimba zomwe agogo a kwa Chonde anamva kwa makolo awo za thangata, akalemba ndani? Agogowotu sakudikira.