Kodi "Wogwiritsa Ntchito" Ndani?

Pologalamu ya kompyuta ikamayamba imafunsa makinawo zinthu zingapo: dzina lawo, tsiku ndi nthawi, ndiponso dzina la munthu amene wawatsegula ndi mawu ake achinsinsi. Munthu ameneyu pa Chingerezi amatchedwa "user", ndipo omasulira ambiri amangolemba kuti "wogwiritsa ntchito". Ife tikuona kuti mawuwa ali ndi chilema.

Mneni wakuti "kugwiritsa" amatanthauza kuchititsa wina kuti agwire. Motero kwa mlimi wa ku Lirangwe, wogwiritsa ntchito ndi kapitawo kapena mwini munda amene walemba aganyu. Tanthauzo limene omasulira akufuna limamveka pokhapokha chipangizocho chitatchulidwa, monga "wogwiritsa ntchito khasu" kapena "wogwiritsa ntchito foni". Chipangizo chikasiyidwa, mawuwo amabwerera kwa kapitawo.

Chilema chachikulu n'chakuti mawuwa salekanitsa anthu awiri amene amakumana pa makina amodzi. M'chaka cha 2017 bungwe la National Registration Bureau lidalemba anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika. Pa ntchito yotere pamakhala mlembi wotsegula kompyuta ndi nzika yodinda zala. Pabwalo la ndege la Chileka n'chimodzimodzi: pali woona ziphaso ndi wapaulendo. Pologalamu ikafunsa makina kuti "user" ndani, yankho lake ndi dzina la mlembi, osati la nzika, ndipo dzinalo ndilo limasungidwa kuti cholakwa chikapezeka adziwike amene adalemba. Nanga buku lophunzitsira alembi likanena kuti "lembani dzina la wogwiritsa ntchito", mlembi watsopano alemba la yani?

Ena ayesa "wolowa m'makina", koma mawuwa amaseketsa ana asukulu, ndipo sitingawadzudzule. "Mwini akaunti" amakumbutsa za ku banki. Ife tikadakonda "wotsegula makina", ndipo dzina limene iye amalemba likhale "dzina lotsegulira". Mawuwa amagwirizana ndi akuti "nambala yachinsinsi", amene anthu otumiza ndalama pa foni m'misika ya Lirangwe ndi Chileka adawalandira popanda wowaphunzitsa. Nzika ija ikhale "wolembetsa", monga momwe timanenera kale pa kalembera wa zisankho.