Luso la Amisiri Odzutsa Kompyuta

Mmisiri wokonza laputopu imene yakana kuyaka itangolandira mapulogalamu atsopano ndi woyenera ulemu waukulu, chifukwa chida chake chenicheni ndi kuleza mtima ndi kufatsa pofufuza gwero la vuto. Pa 19 Julaye 2024, pamene fayilo yolakwika yochokera ku kampani ya CrowdStrike inaimitsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, amisiri ankayatsa makinawo amodziamodzi mu Safe Mode, ndiko kuti kuyatsa kompyuta ndi mapulogalamu ofunikira okhaokha, kenako n'kuchotsa fayiloyo pamanja. Mmisiri wotere sathamangira kufufuta zonse n'kuyambiranso, popeza amadziwa kuti m'kompyutamo muli zithunzi za banja ndi zolemba za kusukulu zimene mwini wake sangazipezenso kwina.