Chisankho Chinatha, Lilime Silinapume

Pa 16 Sepitembala 2025 tinalawirira kukaima pa mizere ya voti, ndipo pa 24 Sepitembala bungwe loyendetsa zisankho linalengeza kuti a Peter Mutharika apambana ndi mavoti pafupifupi 57 pa 100 aliwonse, pamene a Lazarus Chakwera anapeza 33. Lamulungu lotsatira tinasonkhana m'matchalitchi athu monga mwa nthawi zonse. Pa benchi limodzi panakhala wina amene usiku wa chilengezowo anavina mpaka tambala woyamba, ndi wina amene anazima wailesi n'kukagona ndi njala nsima ilipo. Nthawi yopatsana mtendere itakwana, awiriwa anagwirana chanza. Funso limene tifuna kulisinkhasinkha pa tsamba lino ndi ili: kodi chanza chimenecho chinali choona, pamene m'matumba mwathu munali mafoni odzaza ndi nkhani zabodza zonyoza mnzathuyo, chipani chake ndi mtundu wake?

Tiyambe ndi kuvomereza kuti kukhumudwa chisankho chikatha si tchimo. Munthu wosauka akamaponya voti, amaponya pamodzi ndi chiyembekezo cha thumba la feteleza, cha mankhwala kuchipatala, ndi cha ntchito ya mwana wake amene anamaliza sukulu koma ali khale pakhomo. Ambiri amene anasangalala mu Juni 2020 anaona ndalama ya kwacha ikugwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Anaona namondwe Freddy akukokolola midzi m'chigawo cha kumwera mu Malichi 2023, anaona mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta, ndi mitengo ya zinthu ikukwera mwezi ndi mwezi. Aepiskopi athu omwe, m'kalata yawo ya mu 2024, anadandaula poyera za katangale ndi umphawi umene unakuta dziko. Tsono kukhumudwa kuli pawiri: pali kwa munthu amene womufuna wake wagonja, ndiponso pali kwa munthu amene womufuna wake anapambana koma malonjezo n'kuthera m'malere. M'zaka zisanu zokha, amene analira mu 2020 anaseka mu 2025, ndipo amene anaseka mu 2020 analira mu 2025. Akulu sananame pamene anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Luka Woyera ukutisimbira za ophunzira awiri amene anali pa ulendo wopita ku Emausi, nkhope zili zakugwa. Iwo anali atayembekeza kuti Yesu adzawombola mtundu wawo, koma zonse zinathera pa mtanda. Ambuye atawapeza panjira, anayamba ndi kuwafunsa ndi kuwamvetsera mpaka anakhuthula zonse za kukhosi. Atatero m'pamene anawadzudzula chifukwa cha kusamvetsa kwawo, n'kuwatanthauzira Malembo. Mpingo umene ufuna kutsata mapazi a Ambuye wake uyenera kukhala malo amene wokhumudwa anganene chisoni chake popanda kusekedwa, komanso malo amene chisonicho chiwongoledwa kuti chisasokere.

Pakuti chisoni chimasokera ndithu, ndipo apa m'pamene ife Akhristu tiyenera kudzidzudzula. Mtima wopwetekedwa umakhala ndi ludzu la nkhani zogwirizana ndi bala lake. M'masiku 8 aja odikira zotsatira, akuluakulu ena a zipani zikuluzikulu ziwiri zija anayamba kulengeza chipambano bungwe la zisankho lisanalankhule, ndipo m'mafoni mwathu munayenda manambala osadziwika kochokera. Aliyense anasunga amene anamukomera, n'kuwatumiza kwa abale, kwa anzake a kwaya, ngakhale ku gulu la WhatsApp la mphakati limene linakhazikitsidwa kuti tizidziwitsana za maliro ndi za mapemphero. Wogonja anafuna nkhani yakuti anaberedwa; wopambana anafuna nkhani yakuti anthu a mbali inayo ndi mbala ndi afiti okhaokha. Onse awiri anamwa pa chitsime chimodzi cha matope.

Bodza la masiku ano lili ndi kavalidwe kake, ndipo wodekha salephera kulizindikira. Kawirikawiri limabwera ngati mawu ojambulidwa a munthu wosatchula dzina lake, amene akuti ali ndi m'bale wake wogwira ntchito ku ofesi yaikulu ndipo wamunong'oneza zachinsinsi. Nthawi zina limabwera ngati chithunzi cha chipolowe chakale, mwina cha ku dziko lina, chitalembedwa kuti zachitika lero m'boma lakutilakuti. Nthawi zina ndi kalata yokhala ndi chidindo chopeka. Pafupifupi nthawi zonse limathera ndi kutifulumizitsa kuti titumize kwa ena msanga asanaifufute. Kufulumizitsa kumeneko ndiye msampha wake, chifukwa wopeka bodza amadziwa kuti munthu akakhala nayo nkhani usiku umodzi, m'mawa amaiona zigamba. Kale m'mudzi kandimverere anakanena za m'maluwa kwa anthu asanu pa chitsime; lero kandimverere mmodzi amafikira mazana a anthu nsima isanapse.

Zoterezi si zachilendo m'mbiri ya chipulumutso. Mateyo Woyera akutiuza kuti Ambuye atauka kwa akufa, asilikali olonda manda anapatsidwa ndalama kuti akafalitse zoti ophunzira anaba mtembo usiku, ndipo nkhaniyo inamera mizu pakati pa anthu. Tione bwino: bodzalo linali ndi olilipira, linali ndi olinyamula, ndiponso linali ndi olilandira chifukwa linawakomera. Malemu Papa Francis, mu uthenga wawo wa Tsiku la Zofalitsa Nkhani wa mu 2018, anafanizira nkhani zabodza ndi kuchenjera kwa njoka ya m'buku la Genesis, imene inanyenga makolo athu oyamba posakaniza choona pang'ono ndi chinyengo. Olilipira bodza mwina sitidzawaona ndi maso. Koma olinyamula ndi olilandira tiwadziwa, pakuti ndife tomwe.

Ena adzati, "Ine sindinapeke, ndangotumiza." Lamulo lachisanu ndi chitatu silimasula munthu mwa njira imeneyi. Katekisimu wa Mpingo amatichenjeza za zolakwa zitatu: kukhulupirira choipa cha mnzathu popanda umboni wokwanira, kuulula zofooka zake kwa anthu amene sizikuwakhudza popanda chifukwa chenicheni, ndi kumunamizira zimene sanachite. Wotumiza nkhani yosatsimikizika wagwa kale m'cholakwa choyamba, ndipo nkhaniyo ikakhala yonama wathandizira chachitatu. Wandale nayenso ndi mnzathu wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo mbiri yake si nyama ya aliyense. Kodi ndi angati a ife amene, pokonzekera Sakramenti la Kulapa, amakumbukira zimene chala chawo chinatumiza?

Tisaganize kuti mphekesera ndi nkhambakamwa chabe. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje, ku Phalombe ndi m'maboma oyandikana nawo, ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anzawo, pamene palibe ndi mmodzi yemwe amene anapezeka ndi umboni wa kupopa magazi. Mu Okutobala 2019, mitima ili yowira chifukwa cha chisankho cha chaka chimenecho, wapolisi anaphedwa ku Msundwe, ndipo pambuyo pake amayi ndi atsikana a m'deralo anachitidwa nkhanza zochititsa manyazi. Mkwiyo ukasowa woulangiza, amene amaulipira ndi anthu wamba. Madzi akatayika saoleka.

Pano wowerenga wina adzatitsutsa, ndipo ali ndi mfundo. Adzati, "Kodi mu 2019 amene anati chisankho sichinayende bwino ananama?" Iyayi, sananame. Pa chisankho cha pa 21 Meyi 2019 mapepala ambiri a zotsatira anafufutidwa ndi Tipp-Ex, ndipo pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu a khoti loona za malamulo oyendetsera dziko anathetsa chisankho cha pulezidenti, n'kulamula kuti chichitikenso pasanathe masiku 150. Khoti lalikulu la apilo linagwirizana nawo pa 8 Meyi, ndipo pa 23 Juni tinavotanso. Choncho sitikuphunzitsa kuti Mkhristu azivomera chilichonse cholengezedwa ndi akuluakulu. Koma tifunse: chinagwetsa chisankho chija n'chiyani? Anali mapepala enieni amene a Chakwera ndi malemu a Saulos Chilima anabwera nawo kubwalo, mboni zotchula maina awo zitalumbira, ndi maloya a mbali zonse amene anazipanikiza ndi mafunso kwa miyezi, dziko lonse likumvera pa wailesi. Kusiyana kwa dandaulo loona ndi mphekesera kuli pomwepa: dandaulo loona limalola kufunsidwa, mphekesera imathawa mafunso.

Mbiri ya Mpingo wathu ikuphunzitsanso zomwezo. Pa 8 Malichi 1992, nthawi imene kutsutsa boma kunali kuika moyo pachiswe, kalata ya Aepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika m'dziko muno. Olemba ake anaika maina awo pansi pake, anaitanidwa ndi apolisi, ndipo Monsinyo John Roche anathamangitsidwa m'dziko. Mawu amene anali ndi eni akewo ndi amene anatsegula njira ya riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994. Ufulu wolankhula umene tili nawo unagulidwa ndi anthu olankhula zoona nkhope ili poyera. N'zomvetsa chisoni kuti ife olandira cholowacho tikuumwaza pofalitsa mawu a anthu obisala.

Tikumbukirenso kuti mu 1994 Dr Kamuzu Banda anavomera kugonja pa wailesi, mu 2020 a Mutharika anachoka pa mpando ngakhale anali ndi madandaulo, ndipo mu 2025 a Chakwera anavomera kugonja zotsatira zisanalengezedwe n'komwe. Ngati eni mpikisano anatha kutula pansi, kodi n'kwanzeru kuti m'banja mlamu ndi mlamu asalankhulane mpaka chisankho china?

Tichite chiyani tsono? Nkhani ikatifika, tiifunse monga momwe mfumu ifunsira mboni pa bwalo: wanena ndani, iye anaona yekha kapena anamva, nanga wailesi ndi nyuzipepala zodziwika zikuti bwanji? Safunsa anadya phula. Mayankho akasowa, nkhaniyo ithere m'manja mwathu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bodza likalowa m'gulu la mphakati, atsogoleri asachite manyazi kulikonza pomwepo, mwaulemu, pakuti bodza lonenedwa pagulu silikonzedwa kuseri. Ife eni tikazindikira kuti tinatumiza zonama, tibwerere kwa onse amene tinawatumizira n'kunena kuti tinalakwitsa, monga wakuba abwezera chimene anaba. Makolo akhale pansi ndi ana awo, amene mafoni amawadziwa kuposa ife, n'kupenda pamodzi nkhani imodzi kuti aone ngati ili ndi mwini. Nawo a maudindo, m'boma ndi mu Mpingo, adziwe kuti kukhala chete kwawo pa nthawi ya chikaiko ndi manyowa a mphekesera. Alankhule msanga, ndipo alankhule zoona.

Kukhumudwa nakonso tikupezere ntchito. Phungu ndi khansala amene anasankhidwa ndi athu tonse, owavotera ndi osawavotera omwe. Tiwakumbutse malonjezo awo, tifunse za ndalama za chitukuko cha m'dera lathu, tilowe m'makomiti a sukulu ndi a Chilungamo ndi Mtendere a pa parishi. Opambana aleke chipongwe, pakuti gudumu linatembenuka kale kawiri tikuona. Ophunzira a ku Emausi anamuzindikira Ambuye pa kunyema mkate, ndipo usiku womwewo anabwerera ku Yerusalemu, mzinda umene anauchoka ali okhumudwa. Nafenso Lamulungu likudzali tidzagwadira pa guwa limodzi ndi amene anavotera kwina. Tisanatambasule dzanja lopereka mtendere, tiyambe taona zimene dzanjalo latumiza m'sabata yapitayi.