Dzina la Kuwala kwa Kumpoto: Kuunika Buku la Lucy Jago

Buku la Lucy Jago lotchedwa The Northern Lights, lomwe lidatuluka mu 2001, likusimba moyo wa Kristian Birkeland, katswiri wa sayansi wa ku Norway amene adakhala nyengo yachisanu ya 1899 mpaka 1900 pamwamba pa phiri la Haldde akuyang'ana kuwala kobiriwira ndi kofiira kumene kumavina kuthambo usiku. Iye ankati kuwalako kumadza pamene tizinthu tamagetsi tochoka kudzuwa takokedwa ndi maginito a dziko lapansi n'kuwomba mpweya wa m'mwamba. Sydney Chapman wa ku Britain adatsutsa maganizo akewa kwa zaka zambiri, ndipo masetilaiti adadzamuikira umboni m'zaka za m'ma 1960, mwiniwake atamwalira kale ku Tokyo mu 1917.

Mphamvu ya Jago ili pa ulendo. Wowerenga amamva chisanu cholasa mafupa, ndipo amamvera chisoni Bjørn Helland-Hansen, mnyamata amene zala zake zidaonongeka ndi kuzizira. Kufooka kwake kuli pomweponso: mlembiyu amalowa m'mitima ya anthu ake ngati wolemba nthano, mwakuti n'kovuta kusiyanitsa zimene adapeza m'makalata ndi zimene adangoganizira.

Kwa Mmalawi wokhala ku Amanzimtoti, kum'mwera kwa Durban, nkhaniyi si yakutalinso. Usiku wa pa 10 Meyi 2024 namondwe wochokera kudzuwa adafiiritsa thambo la kugombe la Western Cape, zithunzi n'kufalikira pa mafoni. Nanga chinthuchi tichitche chiyani m'Chichewa? Mawu akuti aurora borealis, amene ambiri amati adayambitsa ndi Galileo, amangotanthauza m'bandakucha wa kumpoto, dzina losokeretsa poti kunja sikukucha ayi, ndipo kuno kuwalako kumachokera kum'mwera. Anthu a ku Finland amati revontulet, moto wa nkhandwe. Asami, eni ake a dera la Haldde, amati guovssahas, koma m'bukuli iwo amaoneka makamaka ngati otsogolera njira.

Dzina la Amanzimtoti lenilenilo likuphunzitsa kanthu. Mbiri ya pakamwa imati Shaka, atamwa madzi a mumtsinjewo mu 1828, adapewa mawu akuti amnandi polemekeza amayi ake, Nandi, nasankha akuti amtoti. Chilankhulo chidapeza njira kuchokera m'kati mwake. Chichewa nachonso chili ndi mawu monga kung'anima ndi psuu, amene womasulira bukuli angayambirepo asanathamangire kubwereka.

Gawo loyenera kuyamba kumasuliridwa ndi lakumapeto, pamene Birkeland, kuyambira 1913, ali ku Egypt ndi Sudan kufufuza kuwala kwina kotuwa, kochokera ku fumbi la m'mlengalenga, kumene kumaimirira kumadzulo dzuwa likangolowa. Kuwala kumeneko msodzi wa ku Nkhotakota angathe kukuona usiku wopanda mwezi.