Kuseri kwa kava

Mwezi watha ndinali ku Liwonde kuthandiza amayi aang'ono kulongedza katundu wa malemu amalume. Pansi pa bedi tinapeza katoni ya makaseti. Matepi ambiri anali atachita chuku, ena atamatirirana moti ngakhale bolopeni inalephera kuwazunguza. "Kataye izi mwanangu, nyimbo zake si uli nazo m'foni?" anatero amayi aang'ono. Matepi owonongekawo ndinatayadi, koma timapepala tam'kati, tija timangoti makava, ndinasolola n'kubwera nato kwathu ku Balaka. Ndakhala ndikutiwerenga ngati buku, ndipo lero ndikufuna nditiweruze ngati buku.

Mbiri yomwe tonse timaidziwa ndi iyi: Alleluya Band inayamba mu 1978 pa parishi ya Katolika ya Balaka, Paul Banda anadzakhala ndi situdiyo ya Imbirani Yahwe, mng'ono wake Lucius anatulutsa Son of a Poor Man mu 1994 kenako n'kuyambitsa Zembani Band mu 1997. Mayina ngati Charles Sinetre, Coss Chiwalo, Billy Kaunda ndi Mlaka Maliro anamvekera m'nyengo yomweyo, pomwe makaseti ankafalikira dziko lonse kudzera kwa O.G. Issa. Zonsezi zinayamba Balaka akadali mbali ya boma la Machinga, chifukwa anakhala boma paokha mu 1998. Koma taonani, mbiriyi ndi ya anthu oimirira kutsogolo okhaokha. Nanga besi ija imakugwedezani chiuno musanamve ndi liwu limodzi lomwe, ankaimba ndani? Azimayi othira mang'ombe aja, mungatchuleko mmodzi?

Yankho, likapezeka, limapezeka kuseri kwa kava. Ndi kumeneko kunkalembedwa woimba gitala, wa ng'oma, wojambula mawu ndi situdiyo yake. Pa makaseti ena pali ndi kachizindikiro ka COSOMA, bungwe loteteza ntchito za aluso lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, kosonyeza kuti kasetiyo si yachinyengo. Mnyamata wobena nyimbo pamsika amakupatsani nyimbo mazanamazana m'fulashi, koma zonse zovula: ina yalembedwa "Track 07", ina yapatsidwa dzina la woimba wina. Nyimbo zinapulumuka, eni ake anatsalira papepala.

Sindikunena kuti makavawa ndi zolemba zapamwamba ayi. Monga wowerenga, ambiri andikhumudwitsa. Nyimbo zonse za Chichewa, koma kava yonse Chingerezi. Mawu a nyimbo sanalembedwemo, pomwe ena mwa mawuwo ndi ndakatulo zenizeni zofunika kuziona ndi maso. Ndime yothokoza Mulungu, abale ndi abwenzi imadya malo onse, oimba zida n'kupanikizidwa m'zilembo zofuna magalasi. Choipitsitsa, ena alibe chaka. Kaseti ina ya kwaya m'katonimo ili ndi chithunzi cha anthu oposa makumi awiri atavala yunifolomu, koma dzina lolembedwa ndi la mtsogoleri yekha. Komabe buku lolembedwa mothamanga limaposa buku lomwe silinalembedwe. Ndipo ngakhale ndime zothokoza zomwe ndikuzinyozazo zimaulula amene anabwereka gitala kwa mnzake, amene analipira thiransipoti, amene anasunga woimba kunyumba kwake.

Apa ndiye pali mkangano wanga ndi mchitidwe wopachika makava pakhoma. Inenso poyamba ndinaganiza zogula fulemu kuti ndikongoletse pabalaza. Ndinasintha maganizo nditakhala pampando wometera pa babashopu ina, komwe khoma lonse analimata ndi makava akale. N'zokongola ndithu, ndipo makasitomala amacheza nazo. Koma guluu anadya mbali yamayina, kutsala nkhope zokha, nazonso dzuwa la ku Balaka linaziwaula mpaka zinasanduka zobiriwira. Kupachika kotero n'kubwereza kulakwa komwe timachita kale pokumbukira nyimbozi: nkhope ya mmodzi poyera, gulu lonse kukhoma.

Ndiye ndachita chonchi. Kava iliyonse ndaitambasula n'kuijambula mbali zonse ziwiri. Pakhoma ndapachika zosindikiza, kutsogolo ndi kuseri moyandikana, kuti mlendo awerenge mayina. Zenizenizo ndaziika iliyonse mu envelopu yake, m'chitini cha mabisiketi chotseka bwino, pamwamba pa kabati pomwe chiswe, mphemvu ndi chinyezi cha dzinja sizifika msanga. Selotepi ndi masitepulo ayi, chifukwa zimasiya zipsera ndi dzimbiri. Kumata m'pulasitiki yotentha kuja timachitira ziphaso nakonso ayi, chifukwa ukamata sungamatulenso. Pa envelopu ndalemba ndi pensulo komwe kavayo ndinaipeza ndi zomwe achikulire akumbukirapo.

Lucius Banda anatisiya pa 30 June 2024. Anthu omwe analipo m'masitudiyo muja akuchepa, ndipo aliyense akamapita amanyamula mayina omwe kava inaiwala. Tsono mukapita kumudzi, kasuzumireni pansi pa bedi la amalume anu iwo akadali moyo. Mukaipeza katoniyo, khalani nawo pansi, tembenuzani kava, muwafunse kuti besi ankaimba ndani.