Kodi Tiseka Yani? Za Masewero a Charlie Chaplin

Alipo pakati pathu abale ena amene ayesa kuti kuseka ndi cibwana cosayenera munthu wobatizidwa, ndipo akaona ana ataunjikana pa lamya ya m'manja kupenyerera kanema woseketsa amapukusa mitu. Alipo enanso amene aseka ciri conse, angakhale nkhalamba yagwa ndi mtolo wa nkhuni. Ife sitibvomerezana ndi awa kapena awo. Kuseka anatipatsa ndi Mulungu, monga anatipatsa misozi. Koma kuseka kuli konse kumagwera munthu wina, ndipo Mkristu ayenera kufunsa kuti munthu amene kwamgwerayo ndani. Kuti mau athu asakhale a m'malere, titenge munthu mmodzi amene maiko onse anamseka, ndiye Charlie Chaplin, tione m'mene iye anayendera ndi funsoli, pena bwino, pena mopunthwa.

Chaplin anabadwira ku London pa 16 April, 1889. Atate wace ndi amace onse awiri anali oyimba m'nyumba za masewero, kumene anthu a nchito ankapita madzulo kukamva nyimbo ndi nthabwala. Ukwati wao unatha mwanayo ali wamng'ono, umphawi nulowa m'nyumba, kotero kuti pofika zaka 7 anakhala m'nyumba yosungiramo amphawi ku Lambeth. M'buku la moyo wace, limene linaturuka mu 1964, asimba kuti pamene anali wa zaka 5 amace analikuyimba pamaso pa asilikari ku Aldershot, ndipo liu lao linazima pakati pa nyimbo. Asilikari anayamba kuwakuwiza, mai nacoka ndi manyazi. Woyang'anira masewero anagwira mwanayo pa dzanja, namuimika pomwepo kuti ayimbe iye. Anayimba, anthu namponyera ndalama; analeka nyimbo kuti ayambe watola, anthu naseka. Koma phokoso lalikuru linadza pamene mwanayo, wosadziwa kanthu, anatsanzira liu losasa la amace. Mai uja sanayimbenso pa bwalo. Motero Chaplin, asanadziwe kuwerenga, anaphunzira kuti khamu la anthu lilipira ndalama kuti lione kugwa kwa mnzao, ndipo nchito ya moyo wace wonse inali kusankha amene adzagwa.

Mu 1908, ali ndi zaka 18, analowa m'gulu la Fred Karno, ndipo sewero lace loyamba kumeneko linali la mpira wa miyendo, lochedwa The Football Match. Iye anali munthu woipa wa cuma amene anadza kudzapatsa ciphuphu mlonda wa pa golo, amene anyamata athu amcha goloboyi, kuti alole mpira kulowa. Asimba yekha kuti analowa cobwerera m'mbuyo, anthu naona msana wa bwana wa cipewa cacitali ndi ndodo ya ulemu. Potembenuka anaona mphuno yofiira. Anayenda monyada, napunthwa pa citsulo cimene amuna amanyamula polimbitsa manja. Ndodo yace inakola thumba lophunzirira nkhonya, thumba nilibwerera kummenya kumaso. Apa timtama kopanda mangawa. Amene asekedwa ndiye wodzikuza, wodza kudzagula cikumbu mtima ca mnzace ndi ndalama. Mlaliki angathe kudzudzula ciphuphu kufikira dzuwa litapendeka, anthu nkuwodzera; koma mbama ya thumba lija palibe anaiiwala. Ndipo nthenda yogula masewero sinathe ndi caka ca 1908.

Koma sewero limene linamchukitsa, limene anakaseweranso ku America, linali lina, Mumming Birds. M'menemo anali cidakwa cobvala bwino, cokhala pa mpando wa openyerera ndi kusokoneza onse oyimba ndi obvina. Mu 1916 anapanganso kanema, One A.M., wa munthu woledzera amene afika kwao usiku nalimbana ndi tebulo, makwerero ndi kama wace. Luso lace pamenepo ndi lodabwitsa, pakuti munthu wosamwa ndiye angathe kugwa cotero osathyoka. Koma mtima wathu sukondwa nazo. Atate wace weni-weni anamwalira mu 1901 mowa utaononga ciwindi cao, ndipo iye anadziwa bwino cimene mowa ucita m'nyumba. Nanga cifukwa ninji cidakwa cace cigwa nicidzuka cosabvulala, copanda mkazi wolira, copanda ana ogona ndi njala? Ife amene taika m'manda anyamata ophedwa ndi kacasu tidziwa kuti cithunzi ici ncopereweza. Hamu anaona atate wace ataledzera nakasimbira abale ace kubwalo; abalewo anatenga cobvala nawapfunda. Sewero limene lisanduliza kuledzera kukhala kuseketsa kokha liima ku mbali ya Hamu. Tiyenera kunena kuti atakalamba anabwerera ku nkhaniyi ndi maso ena: mu Limelight, wa 1952, aonetsa woseketsa wokalamba amene mowa unamdyera nchito, nalota kuti alikusewera, koma poyang'ana mipando yonse iri yopanda anthu.

Tsono tifike pa nkhonya, pakuti pamenepo ndipo pali cimene tifuna kunena makamaka. Kuyambira 1914 Chaplin anabvala cobvala cimene ambiri acidziwa: buluku lalikuru, jekete lothina, kacipewa, nsapato zazitali zong'ambika, ndi kandodo. Ndiye mmphawi woyendayenda, wopanda pogona, koma wosataya ulemu wace. Kawiri anamlowetsa mmphawiyu m'bwalo la nkhonya. Mu The Champion, wa 1915, atola citsulo cimene amakhomera ku ciboda ca kavalo, nacibisa m'golovesi, nagwetsa naco cimphona. Ndipo pa nkhonya zotsiriza garu wace alowa m'bwalo naluma mdani ku matako, iye napambana. Tiseka ndithu, monga tiseka Kalulu akapusitsa Njobvu. Koma tikatha kuseka titsala ndi ciphunzitso cakuti wamng'ono apulumuka ndi cinyengo, ndipo ana athu safunika mphunzitsi wa zimenezo.

Patapita zaka 16, mu City Lights, wa 1931, anabwereza nkhani ya nkhonya, koma tsopano inali ya munthu wokhwima. Mmphawi uja akonda namwali wakhungu wogulitsa maluwa, amene akhala ndi agogo ace, ndipo mwini nyumba afuna kuwaturutsa cifukwa ca ngongole ya madola 22. Iye wacotsedwa nchito yosesa m'miseu. Apangana ndi wankhonya wina kuti amenyane mwaciphamaso nagawane mphotho. Koma mnzaceyo amva kuti apolisi alikumfuna, nathawa, ndipo m'malo mwace mulowa mwamuna wa nkhope youma amene akana kugawana. M'cipinda cobvalira mmphawi aona wankhonya wina alikudzisisita ndi phazi la kalulu louma, cithumwa ca mwai, napempha kuti amsisite nayenso. Posacedwa mwini cithumwa abwera atamnyamula, wosadziwa kanthu, mmphawi nayamba kudzipukuta msanga pali ponse pamene phazilo linakhudza. Sitinaone mau ena otsutsa zithumwa afupi ndi akuthwa koposa awa, angakhale palibe liu limodzi linenedwa.

M'bwalo abisala kumbuyo kwa woweruza, nayenda monga ayenda iye, kumanzere, kumanja, atatuwo ngati obvina. Woweruza akangopatuka pang'ono, iye aponya nkhonya imodzi nabisalanso. Ukaipa dziwa nyimbo, anatero akale. Cingwe ca belu cimkola m'khosi, kotero kuti akagwa belu lilira, akadzuka lilira. Anthu aseka kufikira nthiti kuwawa. Ndipo pomariza pace amenyedwa, nagwa, nagonja. Palibe citsulo m'golovesi, palibe garu. Ife tiyesa kuti kanema uyu aposa woyamba uja kutari, cifukwa wocita sewero analola kunena zoona, kuti munthu wofoka akamenyana ndi wamphamvu kawirikawiri agonja, ndi kuti kugonja kwace sikucotsa kanthu pa cifukwa cimene analowera m'bwalo. Tinaseka mantha ace, amene ali mantha athu omwe, koma sitinamnyoze.

Tizindikirenso ici. Namwali wakhungu ali m'kanema monse, ndipo wolemba waulesi akadamyesa coseketsa, monga Afilisti anaturutsa Samsoni wakhungu m'ndende kuti awasewerere pa madyerero a Dagoni. Chaplin sanatero. Namwaliyo akatsuka mbiya ya maluwa nataya madzi, madziwo agwera nkhope ya mmphawi amene alikumyang'ana mwakacetecete. Akakulunga ulusi, agwira molakwa kaulusi ka malaya a m'kati a mmphawiyo, iye nangokhala cete malaya alikutha pa thupi pace, kuopa kumcititsa manyazi. Nthawi zonse mtolo wa kuseka ausenza ndi mwini sewero. Mwana uja wa ku Aldershot anadza kutari.

Sitinena kuti moyo wa munthuyu ukhale citsanzo ca anyamata athu. Anakwatira kanai, ndipo mbiri ya nyumba yace inali ndi zambiri zosayenera kutsanzira. Anamwalira ku Switzerland pa 25 December, 1977. Ife tiweruza nchito yace yokha, ndipo pa nchitoyo palibe malo otigwira mtima koposa mathero a City Lights. Mmphawi analandira ndalama za mankhwala a maso kwa mwini cuma wina amene amamdziwa pokha-pokha ataledzera. Anazipereka kwa namwali, namangidwa monga mbala. Aturuka m'ndende ali nsanza zokha-zokha, anyamata ogulitsa nyuzi namseweretsa pa mseu. Namwali, amene tsopano apenya ndipo ali ndi sitolo yace ya maluwa, ayang'ana pa zenera, naseka pamodzi nao, pakuti iye ayesa kuti amene anamciritsa ndi bwana wa galimoto. Amcitira cifundo, naturuka kuti ampatse duwa ndi kandalama. Pomuika kandalamako m'manja akhudza dzanja lace, ndipo zala zace, zimene zinaphunzira kuona pamene maso anali akhungu, zilizindikira. Kuseka kucoka pa nkhope yace. Mmphawi aima ndi duwa pakamwa pace, alikumwetulira ndi mantha, ndipo kanema atha namwaliyo atagwirabe dzanja lija.